Msika ukamagwetsedwa, dandaulo la nzika limalowera khomo liti?

Pa 24 September 2020, msika waukulu wa masitolo wa Elephant and Castle, kummwera kwa mtsinje wa Thames mumzinda wa London, unatsekedwa komaliza, ndipo chaka chotsatira anaugwetsa. Msikawu unatsegulidwa mu 1965. M'zaka zake zomaliza unali pothawira amalonda ang'onoang'ono, ambiri mwa iwo ochokera ku Latin America, ku Africa ndi ku Caribbean: ophika, ometa, osoka ndi otumiza ndalama kumudzi. Anthu a m'deralo analimbana zaka zingapo ndi pulani yomangapo nyumba zitalizitali. Nkhani yawo ikuonetsa bwino momwe chilolezo chomangira chimaperekedwera ku England, komanso pamene mawu a munthu wamba amamveka.

Choyamba kudziwa n'chakuti kukhala mwini malo sikupatsa munthu ufulu womanga chilichonse chimene wafuna. Kampani ya Delancey ndi anzake anagula msikawu mu 2013, koma anayenerabe kukapempha chilolezo ku khonsolo ya Southwark, yomwe ndi imene imayang'anira deralo. Pempho lotere limapita ndi zojambula za nyumbazo ndi malipoti a mmene ntchitoyo idzakhudzire misewu, kuwala kwa dzuwa, phokoso ndi chilengedwe. Zikalata zonsezi zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense aziwerenge.

Khonsolo ikalandira pempho, imayenera kulengeza ndi kupereka masiku osachepera 21 oti anthu anene maganizo awo. Apa sipafunika kuti ukhale mwini nyumba kapena nzika ya Britain. Wobwereka chipinda, wogulitsa pa tebulo panja pa msika, ngakhale Mmalawi amene wangofika kumene, aliyense akhoza kulemba. Pempho lalikulu liyenera kugamulidwa m'masabata 13, kapena 16 ngati pafunika kafukufuku wa zachilengedwe, ngakhale kuti mapulani akuluakulu amatenga nthawi yoposa pamenepo, mbali zonse zikagwirizana.

Vuto limene ambiri amagwa nalo ndi lakuti si dandaulo lililonse limene lamulo limalola khonsolo kuliganizira. Kunena kuti mtengo wa nyumba yako utsika, kuti sudzaonanso malo okongola ukasuzumira pawindo, kapena kuti sitolo yatsopano ikulanda makasitomala, sikuwerengedwa. Zimene zimawerengedwa ndi monga kuchuluka kwa magalimoto, kutalika kwa nyumba, kutsekereza kuwala, phokoso, ndipo koposa zonse, ngati pulaniyo ikutsatira ndondomeko zachitukuko zimene khonsolo yomweyo inavomereza kale. Choncho kalata imodzi yoloza ndime imene yaphwanyidwa imalemera kuposa makalata ambiri ongoti sitikufuna.

Anthu a ku Elephant and Castle anagwira mfundo imeneyi. Ndondomeko ya Southwark imafuna kuti pa nyumba 100 zilizonse za m'chitukuko chachikulu, 35 zikhale zotsika mtengo. Pulani ya Delancey inali ya nyumba 979, pamodzi ndi masitolo, nyumba yatsopano ya sukulu ya London College of Communication ndi khomo latsopano lolowera kusiteshoni ya sitima zapansi. Koma mwa nyumba zonsezo, 33 zokha ndi zimene zinali za lendi yotsikitsitsa yofanana ndi ya nyumba za khonsolo. Magulu a Up the Elephant, Latin Elephant ndi 35% Campaign anakakamira pa chiwerengero chimenechi. Anali ndi chifukwa chokayikira malonjezo, poti pafupi pomwepo nyumba za khonsolo pafupifupi 1,200 za ku Heygate Estate zinali zitagwetsedwa kale, ndipo ambiri mwa amene ankakhalamo anamwazikira kutali.

Anadzutsanso lamulo lina, la Equality Act la 2010, lomwe limakakamiza nthambi za boma kuganizira momwe chigamulo chawo chidzakhudzire magulu monga okalamba ndi anthu a mitundu yochepa. Mumsikamo munali holo ya masewera a bingo momwe okalamba ambiri, makamaka akuda, ankakumanirana. Funso lakuti anthu amenewa adzapita kuti silinali la chifundo chabe ayi. Linali funso limene khonsolo inayenera kuliyankha mwalamulo.

Ogwira ntchito za mapulani kukhonsolo amasonkhanitsa zonsezi n'kulemba lipoti lolangiza kuti pempho livomerezedwe kapena likanidwe. Pa mapulani akuluakulu, ogamula ndi komiti ya makhansala osankhidwa ndi anthu. Msonkhano wawo umachitika poyera, ndipo otsutsa amapatsidwa mphindi zochepa zoyankhula ngati analembetseratu. Mu January 2018 komitiyo inakana kutsatira langizo loti ivomereze, ndipo nkhaniyo inaimikidwa. Kampaniyo inabwerera kukakonza pulani. Itabweranso mu July chaka chomwecho, nyumba za lendi yotsikitsitsa zinali zitakwera kufika 116, ndipo panali thumba la ndalama zoposa mapaundi 600,000 lothandizira amalonda kusamuka. Komitiyo inavomereza ndi mavoti 4 kwa 3.

Malonjezo otere sakhala a pakamwa. Amalembedwa mumgwirizano wa Section 106, pansi pa lamulo la Town and Country Planning Act la 1990, ndipo womanga akaswa mgwirizanowo khonsolo ikhoza kumutengera kukhothi. M'menemu ndi momwe mumalembedwa chiwerengero cha nyumba zotsika mtengo, lendi ya masitolo a amalonda ang'onoang'ono, ndalama za misewu ndi mwayi wa ntchito kwa anthu a m'dera. Mgwirizanowu umamalizidwa komiti itavota kale, pamene chidwi cha anthu chayamba kuzirala, n'chifukwa chake uyenera kuwerengedwa ndime ndi ndime. Omanga kawirikawiri amabweretsa lipoti la ndalama lonena kuti akamanga nyumba zotsika mtengo zambiri sadzapeza phindu. Nalonso ndi loyenera kulifunsa ndi kuliunika.

Ku London kuli khomo linanso. Pulani ya nyumba zoposa 150 imapitanso kwa meya wa mzinda wonse, yemwe ali ndi mphamvu yolamula kuti ikanidwe, yoitenga kuti agamule yekha, kapena yoisiya momwe khonsolo yagamulira. Mu December 2018, meya Sadiq Khan anasiya chigamulo cha Southwark kuti chikhale momwemo.

Chilolezo chikatuluka, njira zimachepa kwambiri. Womanga akakanidwa ali ndi ufulu wochita apilo ku bungwe la Planning Inspectorate, koma anthu otsutsa alibe ufulu umenewo. Chimene angachite ndi kupempha khothi lalikulu kuti liunike ngati chigamulocho chinapangidwa motsata lamulo, ndipo ayenera kutero pasanathe masabata 6. Woweruza safunsa ngati pulaniyo ndi yabwino kapena yoipa. Amangoona ngati makhansala anauzidwa zoona, ngati anaganizira zoyenera ndi ngati njira inatsatidwa. Jerry Flynn wa 35% Campaign anakasuma m'malo mwa anzake. Khothi lalikulu linakana mlanduwo mu December 2019, ndipo khothi la apilo linaukananso mu May 2021.

Motero msika unagwa. Amalonda ena anapatsidwa malo ongoyembekezera ku Castle Square ndi m'nyumba zina zapafupi, koma Latin Elephant inadandaula kuti ambiri anatsala opanda pogulitsira. Komabe kusiyana kwa 33 ndi 116 ndi mabanja 83, ndipo kunapezeka mu komiti ya makhansala, osati kukhothi.

Ngati mukukhala ku England ndipo mwaona chikalata cha mapulani chitamangiriridwa pa mtengo wa magetsi pafupi ndi msika wanu, lembani nambala ya pempholo tsiku lomwelo. Werengani ndondomeko ya khonsolo yanu, sonkhanani ndi amalonda ndi anansi, lembani dandaulo lanu masiku 21 asanathe, kaonaneni ndi khansala wa dera lanu, ndipo lembetsani kuti mukayankhule kukomiti. Musadikire kuti makina ogwetsera nyumba afike.