Kachitsulo ka mu labu ndi mtedza wa ku Mitundu

Tsiku lina ndikuphunzitsa za mafunde a mawu mu Fomu 3, ndinamenya tuning fork pa tebulo n'kugunditsa tsinde lake pa kamfupa ka pa bondo la mnyamata wina wa ku Nathenje. Analumpha, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Kenako ndinawauza kuti madokotala nawonso ali ndi kachitsulo kotere, kogwedezeka ka 128 pa sekondi. Amakaika pa chala chachikulu cha kuphazi n'kufunsa wodwala kuti, "Mukumva kunjenjemera?" Akati ayi, ndiye kuti mitsempha yotumiza mauthenga ku ubongo yayamba kufooka. Chimodzi mwa zinthu zimene zingayambitse zimenezi ndi kusowa kwa vitamini E.

Ine si dokotala, koma nkhaniyi ili ndi fizikisi yambiri. Mitsempha imeneyi imagwira ntchito ngati waya, ndipo uthenga umayenda ngati kamphamvu ka magetsi. Yambiri ndi yokutidwa ndi chikuto cha mafuta chotchedwa myelin, monga momwe pulasitiki amakutira waya. Mu mtsempha wokutidwa bwino uthenga ungathamange mpaka mamita 120 pa sekondi, pomwe mu wosakutidwa umangokwawa mita 1 kapena 2. Werengetserani nokha nthawi yochoka kuphazi kukafika kumutu.

Tsono vuto la mafuta mumalidziwa kale. Nsinjiro zikakhalitsa m'chitini zimayamba kafungo ndi kuwawa, chifukwa okosijeni waononga mafuta a mtedzawo, monga momwe amachititsira dzimbiri pa khasu. M'thupi namonso zimachitika. Pamene maselo akugwiritsa ntchito okosijeni, pamatuluka tizinthu tolusa totchedwa free radicals, timene timalanda ma elekitironi ku mafuta a khungu la selo. Mafuta olandidwawo nawo amakalanda kwa anzawo, ndipo zimafalikira ngati moto wa lupsa. Vitamini E amakhala m'mafuta momwemo, n'kumapatsa tizinthu tolusato zimene tikufuna, motowo n'kuzima.

Akasowa kwa zaka, yoyamba kuvutika ndi mitsempha yaitali, ya kumapazi, poti waya wautali uli ndi malo ambiri oti uonongeke. Mapazi amachita dzanzi. Dokotala akamenya pansi pa bondo ndi kanyundo, mwendo sudumpha. Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti munthu amasiya kudziwa pomwe phazi lake lili ngati sakuliyang'ana. Yesani: imani mapazi pamodzi, tsinzinani. Simukugwa chifukwa mitsempha ikuuza ubongo za mfundo iliyonse ya thupi. Amene mitsempha yake yaonongeka amayenda bwinoko masana, koma mumdima amadzandira ngati woledzera, ndipo kumudzi ena sachedwa kunena kuti walodzedwa. Zikapitirira, minofu imafooka, maso nawo amavutika. Akathandizidwa msanga matendawa amaima, koma akachedwa zina sizibwerera.

Musathamange kukagula mapilisi. Munthu wathanzi kusowa vitamini E mpaka kufika pamenepa n'kosowa ndithu. Vitaminiyu amalowa m'thupi pamodzi ndi mafuta a m'chakudya, choncho amene ali pangozi kwenikweni ndi omwe matumbo awo satha kuyamwa mafuta: ana omwe ndulu yawo siyenda bwino chifukwa cha matenda a chiwindi, odwala m'matumbo kwa nthawi yaitali, makanda obadwa masiku osakwana, ana onyentchera kwambiri, ndi anthu ochepa amene amabadwa ndi vutoli. Kuno kwathu dzanzi la kumapazi kawirikawiri limabwera ndi shuga, kachasu, kusowa kwa vitamini B12 kapena mankhwala ena a TB. Woti asiyanitse ndi wachipatala, ndipo mankhwala a TB musasiye nokha.

Herbert Evans ndi Katharine Bishop anatulukira vitaminiyu mu 1922 ku California, pofufuza makoswe amene sankabereka. Lero akatswiri a ku America amati munthu wa zaka 14 kupita m'tsogolo amafunika mamiligalamu 15 pa tsiku. Magalamu 100 a mtedza ali ndi pafupifupi 8, kuposa theka. Mpendadzuwa ndi mafuta ake ndiye zili ndi wambiri kuposa pamenepo, mapeyala ndi masamba obiriwira nazo zimathandiza. Chiponde chimene amapatsa ana onyentchera m'zipatala nachonso amachionjezera vitamini E. Koma vitamini amene boma linalamula kuti aziika mu shuga ndi mafuta ophikira ndi A, musasokoneze pa mayeso.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Tikakolola, mavenda amadzaza matumba a mtedza pa Mitundu, ndipo m'nyumba zambiri sasiyako ndi chidebe chomwe. Pofika Januwale nkhwani ukungophikidwa ndi mchere ndi tomato basi, wopanda kadontho ka mafuta koti kanyamule vitamini wa m'masambawo. Ndikudziwa, fizi siidikira. Komabe chaka chino pemphani makolo asungeko thumba limodzi la nsinjiro, louma bwino, ndipo mtedza wa chuku muzitaya chifukwa poizoni wake amaononga chiwindi.