Chiyambi cha Mawu Akuti "Trøndersk"

M'chigawo chapakati cha dziko la Norway muli dera lotchedwa Trøndelag, lomwe mzinda wake waukulu ndi Trondheim. Kayankhulidwe ka anthu a m'derali kamatchedwa trøndersk. Kamadziwika ndi kudula lembo la liwu kumapeto kwa mawu, monga kast m'malo mwa kaste (kuponya), ndiponso ndi æ m'malo mwa jeg (ine).

Dzinali lili ndi zigawo ziwiri. Tsinde lake ndi trønder, kutanthauza munthu wa m'deralo. Phatikizo la -sk limagwira ntchito yomwe chi- amagwira m'Chichewa, kungoti ilo limabwera kumapeto: norsk ndi chiyankhulo cha ku Norway, dansk cha ku Denmark.

Nkhani yaikulu ili pa tsindelo. M'chiyankhulo cha makolo awo, cha m'nthawi ya Maviking, anthuwa ankatchedwa þrœndr. Akatswiri ambiri amati dzinali ndi lapachibale ndi mneni wotanthauza kukula kapena kukhwima, kotero kuti þrœndr anali "anthu amphamvu". Lembo la þ linkaimira liwu lotuluka lilime litagunda mano. Ku Norway liwulo linasanduka t, koma ku Iceland lembolo akulilembabe.

Tsinde lomweli linabala maina a malo. Mu Trøndelag, -lag anachokera ku lǫg, malamulo. Motero dzinali silinayambe ngati la nthaka ayi, koma la anthu omvera malamulo amodzi, omwe milandu yawo inkazengedwa pa bwalo la Frostating. Trondheim ndiko kuti "kwawo kwa þrœndr". Dzina limeneli linautsa mapiri pachigwa. Mzindawo unkalembedwa Trondhjem, motsatira Chidanishi, ndipo nyumba ya malamulo inalamula kuti kuyambira mu 1930 uzitchedwa Nidaros, dzina lake lakale, ngakhale eni mzinda anali atakana kusinthako pa voti ya mu 1928. Mkangano unatha mu 1931 pomwe anagwirizana pa Trondheim.

Mkonzi wofuna kutchula kayankhulidweka m'Chichewa asamale pawiri. Kulemba "Chitrøndersk" ndi kubwereza phatikizo, popeza chi- ndi -sk akunena chinthu chimodzi; choyenera ndi Chitrønder, kapena trøndersk monga eni ake amalembera. Ndiponso ø asasandutsidwe o, pakuti m'alifabeti ya ku Norway, ya malembo 29, awiriwa ndi malembo osiyana.