Akatswiri a Zovala za Chisanu: Kuyambira ku Everest Mpaka pa Kaunjika wa pa Golomoti

Anthu a kumtunda amatiseka ife a kunyanja akationa tavala jekete, ati ku Mtakataka kuli chisanu chanji. Akayese kuchezera m'bwato mu Julaye mwera ukuwomba. Komabe pa kuzizira ulemu ndi wa Dedza boma, tawuni yokwera kuposa onse m'Malawi, pa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja siifika n'komwe pa 500. Wakabaza wonyamuka pa Golomoti atavala malaya okha amamaliza kukwera Khwekhwerere mano akuwombana.

Chofunda chotentha kuposa zonse poyerekeza ndi kupepuka kwake ndi jekete ya nthenga za tsekwe. Anaitchukitsa ndi Eddie Bauer wa ku Seattle, amene anatsala pang'ono kufa ndi chisanu ali kowedza nsomba, ndipo boma la America linavomereza lusolo kuti ndi lake mu 1940. Jekete zake zinafika pamwamba pa Everest mu 1963, Jim Whittaker atakhala Mmereka woyamba kukwera phirilo. Kunyanja kuno n'zachabe: nthenga zikanyowa zimaundana, kutentha konse n'kuthawa.

Yosalowa madzi koma yotulutsa thukuta ndi Gore-Tex. Bob Gore, amene anamwalira mu 2020, anaitulukira mu 1969 atakoka mwamphamvu pulasitiki yotentha mpaka kutanuka. Mtengo wake nawonso ndi wa katswiri.

Koma wopambana onse kwa ine ndi Aaron Feuerstein, mwini fakitale ya Malden Mills ku Massachusetts, komwe kunachokera nsalu yofewa ija ya fleece cha m'ma 1980. Mkuluyu sanalembetse kuti nsaluyo ndi yake yekha. Aliyense anayamba kuipanga, inatsika mtengo, ndipo n'chifukwa chake lero belo la kaunjika likamasulidwa pamsika, majuzi a zipi yapakhosi amatuluka ambirimbiri. Fakitale yake itapsa mu Disembala 1995 anapitiriza kulipira antchito ake pafupifupi 3,000 kwa miyezi ingapo ali kunyumba. Anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 95.

Juzi yanga yoyamba ya fleece inali yobiriwira, yofika m'mawondo. Amalume anga ankaibwereka akamapita ku chilimira, n'kuibweza m'mawa ikununkha usipa ndi parafini. Ndikaichapa, pofika nthawi ya nsima inkakhala itauma kale. Ndinapita nayo ku misa ya m'mawa ku Mua, kumaliro, ngakhale kokaona zigoba za gule ku Kungoni kwa Bambo Claude Boucher. Mdani wake anali mmodzi, mbaula. Nsaluyi ndi pulasitiki, ndiye kanthethe kamoto kakangoigwera imaboola pomwepo, ndipo pofika chaka chachitatu mikono yonse inali timabowo tokhatokha ta m'mbali mouma.