Therere ndi piritsi: anthu awiri okonza ngalande imodzi

Aliyense amene analimapo dimba amalidziwa khalidwe la ngalande. Madzi amabwera ndi matope, ndipo matopewo si oipa, ndi chonde chimene chimanenepetsa mpiru ndi tomato. Koma akachuluka amayamba kukhazikika m'mbali, njira ya madzi n'kumachepa pang'onopang'ono. Tsiku lina mumangopeza bedi lakumunsi lauma gwa, kumtunda madzi ali tho.

Mitsempha yathu ya magazi ndi ngalande yotero, ndipo matope ake ndi mafuta aja a kuchipatala amati cholesterol. Thupi limawafuna ndithu, koma mtundu wina wotchedwa LDL ukachuluka umakanirira m'makoma a mitsempha. Ukatseka njira yopita ku mtima kapena ku ubongo, ndi pamene timamva kuti uje wagwa mwadzidzidzi, kapena wafa ziwalo ndi sitiroko.

Ambiri timayesa kuti matope onsewa amachokera m'mbale. Zoona zake n'zakuti ochuluka amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe. Kasupe wake ali kumtunda. N'chifukwa chake munthu wowonda, wosaidziwa nyama yonona, amatha kupezeka nawo ambiri. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 alionse amachita kubadwa nalo vutoli.

Mapiritsi a statin, monga simvastatin ndi atorvastatin, amalunjika kukasupeko. Amachepetsa mphamvu ya chiwindi yopangira mafutawa, ndipo LDL amatsika ndi 30 mpaka 50 peresenti. Amene amawanyoza kuti ndi "achizungu" adziwe kuti statin woyamba anachokera ku nkhungu, inde yonga ija imamera pa chakudya chogonetsa. Anamupeza ndi Akira Endo wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970.

Nanga therere? Ilo limagwira ntchito kumunsi, ngati munthu wokokolola matope ndi khasu. Taonani mmene limanandira mukapisamo mbamu ya nsima, ulusi uja wokana kuduka mpaka mutapotoza dzanja. Kunandako ndiye mankhwala ake. Chiwindi chimagwiritsa ntchito cholesterol popanga ndulu yogayira zamafuta, ndipo ndulu yambiri ikatha ntchito m'matumbo imabwereranso kuchiwindi. Zakudya zonanda zimaikola nduluyo n'kutuluka nayo kuchimbudzi. Pofuna kupanga ina, chiwindi chimakatapa cholesterol m'magazi, ngalande n'kupepukidwa. Mabilingano, nyemba, nandolo, khobwe ndi phala la oats zimagwira ntchito yomweyi.

Mu 2003 wofufuza wina, David Jenkins wa ku Toronto, anaziyesa zimenezi. Kwa mwezi umodzi anadyetsa anthu therere, mabilingano, oats, soya, mtedza wa almond ndi majarini wothiramo ma sterol a m'zomera. LDL wawo anatsika ndi pafupifupi 29 peresenti, pamene omwa statin wotchedwa lovastatin anatsitsa ndi 31 peresenti. Komatu anthuwo ankachita kupatsidwa zakudyazo. Mu 2011 ena anangolangizidwa kuti azikagula ndi kuphika okha kwa miyezi 6, ndipo LDL anatsika ndi 13 peresenti yokha. Khasu limagwira ntchito, koma limafuna dzanja losatopa.

Chimene chimandiwawa ine ndi timabotolo todula tolembedwa kuti "zachilengedwe". Mu 2022 a Cleveland Clinic ku America anayerekeza rosuvastatin wa 5 mg ndi makapisozi a adyo, sinamoni, turmeric, mafuta a nsomba ndi ena kwa masiku 28. Statin anatsitsa LDL ndi pafupifupi 38 peresenti. Makapisoziwo sanasiyane kwenikweni ndi piritsi lopanda mankhwala. Ndiye palinso mpunga wofiira wa ku China, wotchedwa red yeast rice. Mphamvu yake, monacolin K, ndi lovastatin yemweyo, kungoti m'botolo lililonse mlingo wake umasiyana, ndipo ungathe kupweteka minofu ndi chiwindi ngati statin wina aliyense. Kumeneko n'kumwa mankhwala mumdima.

Ndalama ya botolo ija ikagule ndiwo. Nsima ya mgaiwa ilowe m'malo mwa ya ufa woyera. Masamba otendera nsinjiro, soya ndi usipa zibwere kawirikawiri, pamene zonona za pachiwaya, chikopa cha nkhuku ndi mandasi a m'mafuta obwereza zikhale za apo ndi apo. Yendani ndawala mphindi 30 masiku ambiri pa mlungu, ndipo fodya mumusiye, chifukwa iye amagumula makoma a ngalande yomweyo.

Ngati mwapimitsa magazi ndipo adokotala aona kuti mafuta angokwera pang'ono, mulibenso vuto lina, angakuuzeni kuti muyambe ndi mbale kwa miyezi ingapo, mukapimenso. Koma ngati munadwalapo mtima kapena sitiroko, muli ndi shuga, kapena vutoli ndi la kumtundu, musasiye piritsi chifukwa mwayamba therere. Likamakupwetekani m'minofu kanenereni, alipo ena oti n'kusinthira. Mlimi amene ngalande yake inatsekapo kale amatumiza wina kukasupe, iye n'kutsala kumunsi ndi khasu, ndipo bedi lomaliza lija limamwa madzi.