Kuganiza Mofatsa pa Malonda: Phunziro la ku Msika wa Chifubu

Ana a sukulu, ndi inu aphunzitsi amene mukuwatsogolera, nkhani yathu ya lero ikutitengera ku Chifubu, imodzi mwa makomboni a mzinda wa Ndola, m'chigawo cha migodi cha Copperbelt. Ambiri a inu, kulikonse kumene mukhala, muli ndi amayi, azakhali kapena amalume amene amakudyetsani ndi kukugulirani makope ndi ndalama zochokera pa thebulo la pamsika, kapena m'kantemba, ndiko kuti kasitolo kakang'ono ka pakhomo. Mumawaona akunyamula katundu m'mamawa ndi kuitanira ogula tsiku lonse. Koma pali ntchito ina imene simuiona kawirikawiri, ndiyo ya madzulo, pamene msika watsekedwa ndipo wamalonda wakhala pansi kuti alingalire za ndalama zimene zili m'chitini chake. Malonda ambiri amakula kapena kufa pa nthawi imeneyo.

Tiyeni tiyambe ndi masamu. Tengani pensulo, pakuti manambala amene nditchule ndi ongoyerekeza, ndipo muyenera kuwatsatira nokha.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Chifubu wagula bokosi la matimati pa K300. Waligawa m'milu 40, ndipo mulu uliwonse augulitsa pa K10. Mwana wofulumira kuyankha adzati: “Milu 40 ndi K400, tsono phindu ndi K100.” Ayi, dekhani. Wonyamula bokosi pa wilibala analandira K20. Msonkho wa pamsika unali K5, ndipo timapepala tokulungira tinadya K5 inanso. Dzuwa litatentha, matimati okwana milu itatu anaphwanyika ndi kuola, ndipo ena okwana mulu umodzi anatha ndi mbasela, ija timaipempha tonsefe tikamagula. Chotero milu yogulitsidwa ndi 36, ndalama za m'chitini ndi K360, ndipo zonse zimene mayiyo anawononga ndi K330. Phindu latsika kuchoka pa K100 kufika pa K30.

Nkhani siinathe. M'mawa mwake mayi uja apita kokaoda, napeza kuti bokosi lomwe lija tsopano lili pa K340, chifukwa mvula yawononga matimati kuminda. Kuti thebulo lake lidzale monga dzulo afunika K340 ya bokosi ndi K30 ya zolipira zina zija, pamodzi K370. Iye ali ndi K360 yokha, ndiponso iyo ikhalapo ngati usiku sanatapepo kanthu kogulira ndiwo. Kodi dzulo anapindula kapena analuza? Poyerekeza ndi mtengo umene anagulira, anapindula. Poyerekeza ndi mtengo umene ayenera kugulira lero, mpamba wake wachepa. Wamalonda woganiza bwino amayesa phindu lake ndi mtengo wa mawa, chifukwa mpamba ndiwo mphamvu yodzazanso thebulo, ndipo mphamvu imeneyo ikhoza kuchepa ngakhale ndalama za m'chitini zikuoneka zambiri.

Agogo anu a ku Copperbelt anaphunzira zimenezi movutika. M'zaka za boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda mitengo ya zinthu zofunika monga ufa, shuga ndi mafuta ophikira inkaikidwa ndi boma. Mu December 1986, boma litachotsa thandizo lake pa ufa woyera, mtengo wake unakwera kuposa kawiri, ndipo kunabuka zipolowe ku Kitwe, ku Ndola ndi m'matauni ena a migodi, mpaka boma linabweza lamulolo. Kuyambira 1989 kufikira 1993 mitengo ya zinthu m'Zambia inkakwera ndi maperesenti pafupifupi 100 kapena kuposa pamenepo chaka chilichonse. Tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chimene munagula pa K50 mu January chinkafika pafupi ndi K100 kapena kupitirira pakutha pa chaka. Wamalonda amene ankangowonjezera pang'ono pa mtengo wogulira ankaona ndalama zikuchuluka m'thumba, pamene katundu wa pa shelefu akuchepa mwezi ndi mwezi. Manambala amanyenga. Pa 1 January 2013 dziko linachotsa maziro atatu pa ndalama zake, K1,000 inasanduka K1, koma palibe amene anasauka kapena kulemera ndi kusintha kumeneko. Buledi anali yemweyo.

Funso lachiwiri limene wamalonda ayenera kudzifunsa ndi ili: kodi ndalama za ogula anga zimachokera kuti? Ndola unakula monga mzinda wa njanji, wa masitolo ndi wa mafakitale otumikira migodi. Paipi ya mafuta ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam inafika kumeneko mu 1968, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa mu 1973. Kunali fakitale ya matayala ya Dunlop, ya simenti, ya laimu ndi zina zambiri. Anthu a m'makomboni monga Chifubu ankalandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo msika unkadzala pa masiku amenewo. Koma zonsezi zinatsamira pa mkuwa, umene mtengo wake umaikidwa kutali, pa msika wa zitsulo wa ku London. Mtengowo unagwa mu 1975, ndipo unagwanso mu 2008, pamene tani imodzi inatsika kuchoka pa madola oposa 8,000 mu July kufika pafupi ndi madola 3,000 mu December. Mgodi wa ku Luanshya, tauni yoyandikana ndi Ndola, unaima kwa miyezi ingapo. Mayi wogulitsa kapenta wa ku Mpulungu sanaonepo London, koma bambo wochotsedwa ntchito akaleka kugula kapenta ndi kuyamba kugula masamba okha, mayiyo ndiye woyamba kumva kuwawa kwake. N'chifukwa chake kumvera nkhani za pawailesi ndi mbali ya ntchito ya wamalonda. Akamva kuti kampani yakuti ikuchepetsa antchito, ayenera kuchepetsa katundu wodula ndi wosachedwa kuwonongeka, ndi kusamala pokongoza.

Pali cholakwa china chimene chinaoneka kwambiri pambuyo pa 1991, pamene boma latsopano linatsegula malire kuti katundu wakunja alowe momasuka ndi kuyamba kugulitsa makampani a boma. Mafakitale ambiri a ku Ndola anatsekedwa, ndipo anthu ochotsedwa ntchito analandira ndalama zawo zomalizira. Ambiri anayang'ana kwa mnansi, naona kuti ali ndi kantemba, iwonso namanga kawo. Posakhalitsa mumsewu umodzi munkapezeka timasitolo tingapo, tonse togulitsa sopo, machesi, makandulo ndi timapaketi ta ufa totchedwa pamela. Sitingawanyoze anthu amenewa, pakuti ana anafunika kudya. Komabe ogula a mumsewu sachuluka chifukwa chakuti ogulitsa achuluka. Munthu asanatsanzire mnzake ayenera kuima pamsewu masiku angapo, kuwerenga anthu odutsa, ndi kufunsa chimene iwo amapita kukachifuna kutali, ku msika wa Masala kapena m'tauni, chifukwa pafupi palibe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinenepo za ngongole, pakuti apa ndi pamene mtima umalimbana ndi mutu. Mnansi wabwera, mwana wake wadwala, apempha ufa kuti adzalipire pakutha pa mwezi. Kumukaniza n'kovuta, ndipo nthawi zina n'kulakwa. Chofunika ndi kudziwiratu malire: kodi ndi ndalama zingati zimene zingakhale kunja popanda kulepheretsa kuoda kwa mawa? Malirewo aikidwe madzulo mtima uli m'malo, osati pamaso pa munthu wolira. Chimodzimodzi ndi shuga amene mwana wa pakhomo watapa m'kantemba kuti athire mu tiyi: nayenso alembedwe, chifukwa katundu wotuluka popanda ndalama ndi mpamba umene wadyedwa.

Nanga wamalonda mwini akafuna kukongola? Ku Zambia kuli kaloba, ngongole ya katapira imene munthu amabweza ndi chiwongoladzanja chachikulu m'nthawi yochepa. Bwererani kwa mayi wa matimati uja. Ngati akongola K300 nalonjeza kubweza K450 pakutha pa mwezi, ndiye kuti masiku asanu a phindu lake la K30 agwirira ntchito wobwereketsayo, ndipo amenewo ndi masiku abwino okhaokha, opanda mvula, matenda kapena maliro. Amayi ambiri a m'misika amasankha chilimba, mmene anzawo odalirana amasonkha ndalama zofanana ndi kupatsa mmodzi mwa iwo mosinthana. M'chilimba mulibe chiwongoladzanja, koma namonso muyenera kuganiza: kodi ndidzatha kusonkha sabata iliyonse, ngakhale malonda atavuta? Ndipo amene afuna kukongola kuti agule firiji yogulitsira zoziziritsa kukhosi akumbukire chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi nazimitsidwa maola ambiri tsiku lililonse. Ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa nyama anakhala manja lende, koma ngongole zawo sizinaime.

Chida chothandiza pa zonsezi n'chotchipa: kope la sukulu longa lanulo. Pa tsamba lililonse pakhale tsiku, zogulidwa ndi mtengo wake, zolipira zina, zogulitsidwa, zowonongeka, zokongozedwa ndi zotengedwa kunyumba. Mutu wa munthu umakumbukira tsiku limene malonda anayenda bwino ndi kuiwala masiku anayi amene anagwa, kope silikondera. Pakatha mwezi, mwini wake akhoza kuona kuti anyezi, amene ankawayesa opanda pake, ndiwo amamusungira mpamba chifukwa saola msanga, pamene matimati, amene amabweretsa ndalama zambiri m'manja, amasiya zochepa.

Inu aphunzitsi, lembani pa bolodi chitsanzo cha bokosi la matimati, ndipo ana apeze mtengo umene mayi uja akanayenera kugulitsira mulu uliwonse mwa milu 36 kuti mawa akhale ndi K370 yodzazira thebulo ndiponso K62 yogulira chakudya cha banja. Pambuyo pake afunseni chimene angachite ngati mnzake wa thebulo loyandikana akugulitsabe mulu pa K10. Funso lachiwirili lilibe yankho limodzi, choncho aloleni akambirane m'magulu. Ndipo inu ana amene makolo anu ali ndi malonda, apempheni mwaulemu kuti muziwalembera kope lotere kwa sabata imodzi, ndi kubwera nazo m'kalasi zimene mwapeza, osatchula maina a anthu amene ali ndi ngongole.