Mantha a mu Filimu Amalowera Kukhutu

Aliyense woonera filimu yoopsa m'dera la Francisco Manyanga mumzinda wa Tete, kaya pa TV yapabalaza kaya pafoni, angathe kuyesa chinthu chimodzi: atseke mawu onse. Chilombo chimene chimamuchititsa tsembwe chisanduka munthu wamba wodzola utoto kumaso. Chifukwa chake chili m'thupi mwathu momwemu. Diso limaona zakutsogolo zokha ndipo lili ndi chikope, pamene khutu limamva mbali zonse, ngakhale mumdima, ndipo silitsinzina. Likamva chinthu chimene diso silikuona, maganizo amadzipangira okha chilombo choposa chimene kamera ingajambule.

Akatswiri a mafilimu anazindikira izi kalekale. Mu Psycho ya 1960, Alfred Hitchcock poyamba ankafuna kuti chiwembu cha m'bafa chidutse popanda nyimbo, koma wopeka nyimbo Bernard Herrmann anaikamo mavayolini olira ngati munthu akukuwa, ndipo phokoso la mpeni linajambulidwa pobaya vwende. Mu Jaws ya 1975, chidole cha nsomba ya shaki chinkawonongekawonongeka, motero nsombayo imaoneka mwa apo ndi apo. Imene imasunga mtima wa woonera uli m'mwamba ndi nyimbo ya John Williams, ya manotsi awiri obwerezabwereza amene amafulumira ngozi ikamayandikira. Mu 2010, katswiri wa zamoyo Daniel Blumstein ndi anzake anapeza kuti mafilimu oopsa amadalira kwambiri mawu osasa ndi osweka, ofanana ndi kulira kwa nyama ikagwidwa, amene thupi limawamva ngati chenjezo.

Ena anganene kuti zonsezi n'kungodzidzimutsa anthu ndi phokoso lalikulu. Koma kudzidzimuka kumatha pompo, pamene nthumanzi imamangidwa pang'onopang'ono, ndipo chida chake chachikulu ndi bata. Mu A Quiet Place ya 2018, banja limakhala losalankhula poopa zilombo zosaka ndi khutu, moti kugwa kwa nyali kumaopsa kuposa mfuti. Enanso angati sipika ya foni siitulutsa mawu akuya aja ogwedeza chifuwa a m'nyumba za kanema. Izi n'zoona, koma kupuma kwa munthu wobisala, chitseko cholira, ndi kuti zii kwadzidzidzi zimamveka bwinobwino ngakhale pafoni yotchipa.

Anthu a m'chigawo cha Tete safunika kuphunzitsidwa mphamvu ya khutu ndi alendo. Ku Angónia ndi ku Macanga, Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, amamveka asanaoneke: ng'oma zimayamba kutali, mawu osinthidwa amatsatira, ndipo mudzi umadziwa kuti chinachake chikubwera. Gule ndi mwambo waulemu umene suyenera kusandutsidwa choopsezera mu filimu, koma phunziro lake ndi lomveka: chimene chamveka chisanaoneke chimagwira mtima.

N'chifukwa chake achinyamata ojambula mafilimu kuno akulakwitsa akamathera ndalama pa magazi abodza n'kukopera nyimbo zoopsa za mafilimu akunja. Kusowa zipangizo si chifukwa chokwanira, pakuti luso lotchedwa Foley, lotengera dzina la Jack Foley, limapanga phokoso ndi zinthu wamba: nsapato pamchenga, nsalu ikung'ambika, nkhuni ikuthyoka. Foni ndi chipinda chopanda phokoso n'zokwanira kuyambira. Kadzidzi padenga, fisi akulira chapatali, malata akuthetheka usiku dzuwa la Tete litawawotcha tsiku lonse, mawu amenewa woonera wa kuno anakula nawo ndipo amadziwa chimene amalosera. Wojambula amene angawasonkhanitse mosamala, n'kudziwa pomwe ayenera kungoti chete, adzaopseza anthu akwawo kuposa filimu iliyonse yochokera kutali.