Nyimbo za Amwenye ndi Khutu la Mwana wa Kunyanja

Pa 1 Ogasiti 1971, khamu la anthu linasonkhana m'bwalo la Madison Square Garden mumzinda wa New York kudzamvera nyimbo, pofuna kusonkha ndalama zothandizira othaŵa nkhondo a ku Bangladesh. Pakati pa oyamba kuimba panali akatswiri a ku India: Ravi Shankar ndi sitar, Ali Akbar Khan ndi sarod, ndiponso Alla Rakha ndi ng'oma za tabla. Atakhala pansi anayamba kukunga zoimbira zawo, ndipo atangomaliza, khamu lija linaomba m'manja poyesa kuti nyimbo yoyamba yatha. Shankar anathokoza mwanthabwala, nanena kuti popeza kukunga kokha kwaŵasangalatsa chotere, nyimbo yeniyeniyo iŵasangalatsa koposa.

Mwana wokulira ku Linga kapena ku Chia, m'boma la Nkhotakota, sakadanyengeka motero. Iye adaonapo madoda akuŵamba ng'oma pamoto gule asanayambe, akumata phula pakati pa chikopa, akuigunda pang'ono uku akutchera khutu, ndipo amadziŵa kuti kumeneko n'kukonzeka chabe. Tabla nayo ili ndi banga lakuda pakati pa chikopa, lopangidwa ndi ufa wa chitsulo wosakaniza ndi phala. Ntchito yake ndi yonga ya phula lija: kulemeretsa chikopa kuti liwu limveke bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini tabla amakunga ndi kanyundo, osati ndi moto.

Nanga wopita kukamvera nyimbo zotere ayembekezere zotani? Oimba amakhala pansi atavula nsapato. Kumbuyo kwawo kumakhala tanpura, choimbira cha zingwe zinayi chimene chimangong'ung'uza mawu amodzimodzi osaleka. Mtsogoleri amasankha raga, ndiyo ndondomeko ya mawu okwera ndi otsika imene ayenera kuitsata pamene akupeka nyimbo pomwepo, anthu akuona. Kumpoto kwa India raga zambiri zili ndi nthaŵi yake: Bhairav ndi ya m'bandakucha, Yaman ndi ya chisisira.

Gawo loyamba, lotchedwa alap, limayenda pang'onopang'ono popanda ng'oma, ndipo nthaŵi zina limatha theka la ola. Apa ndi pamene wosazoloŵera amayamba kuyasamula. Koma msodzi wa usipa, amene amachezera m'bwato nyali ikuyaka, kudikira kuti nsomba zisonkhane asanaponye chilimira, amadziŵa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Woimba akuonetsa mawu a raga limodzilimodzi, kuti wodekhayo adzaŵazindikire nyimbo ikadzathamanga.

Kenaka tabla imaloŵa, ikutsata mzere wa kugunda wobwerezabwereza. Mzere wodziŵika kwambiri ndi teental, wa kugunda 16. Wa sitar ndi wa tabla amachita ngati asiyana njira, aliyense akuonetsa luso lake, koma amadzakumana ndendende pa kugunda koyamba, kotchedwa sam. Omvera odziŵa amaŵerenga ndi zala, ndipo aŵiriwo akakumana, amapukusa mutu ndi kufuula mokondwa. Amene adamvapo nthungululu pa chioda, pamene wang'oma ndi ovina aima pamodzi ngati munthu mmodzi, chimwemwe chimenechi sachipeza chachilendo.

Nkhaniyi ili ndi phunziro loposa nyimbo. Amwenye, ambiri ochokera ku Gujarat, anayamba kufika m'dziko muno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo Amalaŵi ambiri anaŵadziŵira m'sitolo, pa sikelo ndi pa mtengo wa nsalu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linaŵalamula kusiya masitolo a kumidzi ndi kusamukira m'mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, motero ana a kunyanja anakula osaŵaona n'komwe. N'zachisoni kuti mitundu iŵiri yokhala m'dziko limodzi zaka zoposa 100 idziŵane pa malonda pokha.

Mphunzitsi sayenera kudikira kuti oimba adzafike ku Nkhotakota. Nyimbo za Ravi Shankar, amene anamwalira mu 2012, zimapezeka pa foni. Aziike m'kalasi, auze ana kuti aŵerenge mpaka 16, naombe m'manja pa kugunda koyamba. Akadzapeza mwayi wokhala pamaso pa oimba enieni, anawo adzadziŵa nthaŵi yodikira ndi nthaŵi yoomba m'manja.